Za Magazi a Mai Wapakati

Inu a m'midzi yozungulira phiri la Mulanje, mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene makolo athu sadali kuchitchula pabwalo, ndicho magazi a mai wapakati. Tidziwa bwino kuti nkhani zotere eni ake ndi anamkungwi ndi azamba, ndi kuti mwamuna akamva mau akuti chikuta ayang'ana kumbali ngati sadamve. Koma ife taperekeza kumanda amai ambiri amene adapita mwana ali m'mimba, ndi ena amene adasiya khanda la masiku atatu m'manja mwa agogo ake, kotero kuti manyazi adatithera. Tsono tipempha kuti amene adziwa kuwerenga awerengere a m'nyumba mwake onse, ndipo abambo asanyamuke kukaona mbuzi, pakuti tsiku loipa likafika ndiwo amene athamangira njinga.

Tiyambe ndi chimene aliyense adachiona ali mwana. Munthu akadzitema ndi chikwanje, magazi atuluka kanthawi, kenaka aleka okha, ndipo pa balapo pauma nkhanambo. Kodi chiwaletsa nchiani? M'magazi mwathu muli tizinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene madotolo atitcha mapulateleti, ndipo m'kadontho konga njere ya mpiru muli pakati pa 150,000 ndi 400,000. Mtsempha ukang'ambika, timeneti tithamangira pomwepo, timamatirana, ndi kutseka chiboocho. Pambuyo pake pabwera chinthu china chopangidwa m'chiwindi, dzina lake fibrinogen, chimene chikafika pa bala chisanduka ulusi. Ulusiwo ulukana ngati ukonde, nugwira zonse pamodzi mpaka mbulu wa magazi ulimbe. Ndi monga momwe titsekera ngalande ya kudimba madzi akaiboola: tiyamba kuponyapo udzu ndi masamba, kenaka tizika timitengo ndi kumata dothi. Ndiponso thupi liri ndi zake zosungunulira mbuluwo ntchito yake ikatha, kuti mtsempha usatsekeke mpaka kalekale. Mwa munthu wa moyo wabwino mphamvu ziwirizi, yomanga ndi yomasula, zikhala zolingana.

Koma mai akaima, thupi lake lisintha muyeso umenewu dala. Magazi ake achuluka, pafupifupi theka lina kuonjeza pa amene adali nao kale. Pofika mwezi wachisanu ndi chinai, magazi opita ku chiberekero pa mphindi imodzi yokha apitirira theka la lita, kukadyetsa mwana kudzera m'nsengwa. Tsono taganizani zimene zichitika mwana atabadwa. Nsengwa ikanganuka, nisiya bala lalikulu ngati chikhatho, ndipo pa balapo mitsempha yonse ija iri kukamwa yasa. Pakadapanda chotseka, mai akadatha magazi nsima isanapse. Zotseka ziripo ziwiri. Choyamba, chiberekero chikungana nichirimba ngati dzungu, ndipo minofu yake ifinya mitsemphayo. Nchifukwa chake anamwino abaya jekeseni ya oxytocin mwana akangotuluka, nasisita pamimba. Chachiwiri ndi kuundana kwa magazi kumene tanena kuja. Thupi likonzekera tsiku limeneli lisanafike: kuyambira miyezi yoyamba likundika fibrinogen wochuluka, mwina theka lina kuposa masiku onse, nilifooketsa mphamvu ija yosungunula. Magazi a mai wapakati ali ngati nkhokwe yodzazidwa kudikira mwezi wa njala. Amenewa si matenda iai. Pakadapanda kukonzekera kotere, palibe mmodzi wa ife akadaleredwa ndi amake.

Tsono pali nthenda imene iboola nkhokweyo kunsi. Madotolo aitcha pre-eclampsia. Ku sikelo mudzangomva kuti BP yakwera, kapena kuti magazi akuthamanga. Ioneka pakati patapitirira masabata 20, ndiye kuti kuyambira mwezi wachisanu kunka m'tsogolo, ngakhale kuti muzu wake udamera kale m'miyezi yoyamba. Pa nthawi imene nsengwa imera, iyenera kuzika mizu yake m'khoma la chiberekero ndi kukuza mitsempha ya pamenepo kuti padzadutse magazi ambiri. Mwa amai ena ntchito imeneyi ithera panjira. Mitsempha ikhala yopapatiza, nsengwa ikhala ndi njala ya magazi, ndipo m'kusauka kwakeko itulutsa zinthu zimene zilowa m'magazi a mai ndi kukanda kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa mitsempha ya thupi lonse. Mitsempha yokandikayo ifinyika, magazi nayenda mokakamizika, muyeso wao nufika 140 pa 90 kapena kupitirira. Ichuchanso madzi, ndipo nkhope ndi manja zitupa. Impso nazo zichucha, nizitaya m'mkodzo chakudya cha thupi chimene sizikadayenera kutaya, chimene anamwino achiona poviika kapepala m'mkodzomo.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Mapulateleti aja sadziwa kusiyanitsa bala la chikwanje ndi pokandika pa m'kati mwa mtsempha. Akapeza pokandika, amamatira. Ndipo popeza pokandika pali ponseponse, m'chiwindi, m'impso, mu ubongo, timibulu tosawerengeka tipangika m'malo osafunika, nititseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo mapulateleti amene adasungidwira tsiku lobereka athera m'menemo. Ndi monga munthu amene adadya chimanga chake chonse chiri dowe, nafika Januwale nkhokwe iri pululu. Mu 1982 dotolo wa ku America, Louis Weinstein, adalemba za amai amene nthendayi idawafikitsa pamenepa, nautcha mkhalidwewo HELLP: maselo ofiira a magazi aphwanyika podutsa m'maulusi aja, chiwindi chivulala ndi kutupa, ndipo mapulateleti atsika kufika pansi pa 100,000. Mai wotere amva kuwawa kunsi kwa nthiti za kudzanja lamanja kapena pa chifu, nachita nseru. Ndipo a m'nyumba anena kuti ndi chilungulira, namupatsa madzi a soda.

Nthawi zina kuthamanga kwa magaziko kukanganula nsengwa mwana asanabadwe. Magazi aunjikana kuseri kwake, mwina osatuluka kunja konse, mimba niuma gwa ngati thabwa, mwana naleka kusewera. Mbulu waukulu umenewo umeza fibrinogen m'maora ochepa. Pamenepo magazi otsala m'thupi akhala ngati madzi, ndipo mai amene adadwala chifukwa magazi ake adaundana mopitirira muyeso, afa chifukwa sathanso kuundana. Ichi ndi chovuta kuchimvetsa, ndipo ife tidachimvetsa titachiona ndi maso athu.

M'mbumba mwathu muli mtsikana amene adakwatiwa ndi mnyamata wothyola tiyi ku esiteti. Pakati pake poyamba patafika mwezi wachisanu ndi chitatu, adatupa nkhope kotero kuti maso adachepa, mphete nikana kuvuka. Amai a pa mtondo adati ndi mapasa. Ena adati ndi mwana wamwamuna, pakuti wamwamuna alemetsa amake. Wina adanong'ona za tsempho, maso ali kwa mkamwini, ndipo mnyamatayo adayenda masiku awiri atazolika. M'mawa wina mtsikanayo adati kwa agogo ake: "Agogo, mutu wandiwawa kuyambira dzana, mankhwala sukumva, ndipo m'maso mukungothwanima tinyenyezi." Agogowo, amene zaka zapitazo adaonapo mwana wao wina akugwa ndi kuphupha pa nyengo yotere, sadadikire za tsempho, koma adaitana mnyamata uja nati: "Akamwini, siyani zonse, kapezeni njinga yamoto tsopano lino."

Ku chipatala chaching'ono adapeza muyeso utapitirira 160 pa 110. Namwino adamubaya mankhwala a magnesium sulphate, ena pamkono ndi ena m'matako onse awiri, namupatsa otsitsa BP, naitana ambulansi. Ena a ife tidakwera nao. Titafika ku chipatala chachikulu tidaona kuti pamkono pamene adabaya singano padali kukhabe magazi, thonje litanyowa, ndipo m'nkhama namonso mudali magazi. Mzamba wa pamenepo adatenga magazi pang'ono, ngati theka la kasupuni ka tiyi, nawathira m'kabotolo kagalasi kouma, nakafumbata m'dzanja kuti katenthe ngati m'thupi, maso ali pa wotchi. Patapita mphindi 4 adakapendeketsa, magazi nayenda. Adafumbatanso, namapendeketsa mphindi iriyonse, ife tiri chete kuyang'ana dzanja lake. Zitakwana mphindi 7 magaziwo adali kuyendabe ngati madzi a chidede. Ndipo adatembenukira kwa agogo aja nati: "Agogo, magazi a mdzukulu wanuyu sakugwirana. Mwana ayenera kutuluka lero, koma tiyambe tapeza magazi."

Kuyesa kumeneku kudalembedwa m'buku la azamba ndi madotolo limene bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidatulutsa mu 2000. Magazi abwino aundana mphindi 7 zisanathe, kotero kuti ungathe kuzondotsa kabotolo osatayika kanthu; akapanda kutero, kapena akapanga mbulu wofewa wosachedwa kuphwasuka, ndiye kuti nkhokwe yatha. Sikufuna magetsi kapena makina, koma kabotolo, wotchi ndi dzanja lofunda, ndipo ife nzeru yotere tiiyesa ya mtengo wapatali kuposa zambiri zonyezimira. Mtsikana uja adalandira magazi, mwana adatuluka usiku womwewo, wochepa thupi koma wolira, ndipo adakulira pachifuwa pa amake m'kati mwa chitenje. Patapita masiku anai mapulateleti adayamba kukwera. Za tsempho palibe adazitchulanso, ngakhale kuti palibenso adapita kukapepesa mkamwini.

Mwaona kuti mzamba uja sadanene kuti tidikire mwezi ukwane. Popeza muzu wa nthendayi ndi nsengwa, palibe mankhwala, a ku chipatala kapena a m'thengo, ochiza nsengwayo iri m'kati. Magnesium sulphate aletsa kugwa ndi kuphupha: mu 2002 adalengeza za kafukufuku wotchedwa Magpie, amene adayesa amai 10,141 m'maiko 33, napeza kuti mwa amai olandira mankhwalawa ogwa adachepa kupitirira theka. Mankhwala otsitsa BP ateteza ubongo kuti mtsempha usaphulike. Koma onsewa ali ngati mchirikizo wa nyumba yopendekeka, umene uigwiriza kuti isagwe usiku uno, koma suimanganso. Tsono dotolo akanena kuti mwana atuluke miyezi isanakwane, kapena kuti mai apite ku opareshoni, imeneyo si nthawi yotuma mwana kukaitana malume ku Limbuli kapena tsidya la Muloza. Mwambo wakuti mwini mbumba adziwe ndi wabwino, ndipo sitiunyoza; koma malume auzidwe pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, napereke mau ao pasadakhale, kuti amene ali pambali pa bedi avomere osaopa mlandu.

Magazi amene adathira mtsikana uja sadachokere ku fakitale. Adatuluka pamkono pa munthu wina amene sitimudziwa. Kuyambira 2003 dziko lathu liri ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lisonkhanitsa magazi kwa opereka mwaufulu, niliwayesa matenda, niliwagawira zipatala. Kumeneko alekanitsa magazi m'zigawo. Madzi ake, m'mene muli fibrinogen, aumitsidwa m'chisanu ndipo akhala chaka. Koma mapulateleti akhala masiku ngati 5 okha, ndipo nchifukwa chake chipatala chaching'ono sichingawasunge. Ambiri opereka ndi ana a sukulu za sekondale, kotero kuti sukulu zikatsekera magazi achepa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chigwa m'nyengo ya mvula, pamene malungo naonso amaliza magazi a ana aang'ono.

Pano tiyenera kunena mau owawa a kwathu konkuno. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idayenda m'Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu adatseka miseu usiku, anthu angapo osalakwa adaphedwa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, ndipo a zaumoyo adaopa kuyenda m'midzi ndi zipangizo zao. Mphekeserayo idazirala, koma mantha ake akadali m'mitima ya ena, amene akaona singano ndi thumba la magazi abwerera m'mbuyo. Ife wopopa magazi amene tidamuona ndi maso ndi mmodzi yekha, ndiye bala la nsengwa lokana kutsekeka. Mwamuna wamphamvu apereka magazi osakwana theka la lita, namwa madzi, napuma pang'ono, nabwerera kwao. Ndipo thupi lake libwezera m'masabata ochepa.

Theka la lita ndiwonso malire amene azamba a ku chipatala ayang'ana pobereketsa: mai akataya opitirira pamenepo, adziwa kuti zaipa. Mu 2017 kafukufuku wina, wotchedwa WOMAN, wa amai 20,060 m'maiko 21, adaonetsa kuti mankhwala a tranexamic acid, amene aletsa mbulu kusungunuka msanga, achepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ngati aperekedwa maora 3 asanathe. Akachedwa kuposa apo sathandiza. Maora 3! Tawerengani nokha nthawi yofuna njinga, yodikira kuti kuche, yooloka Ruo kapena Thuchira atadzaza. Mu 2007 boma lidaletsa azamba a kumudzi kubereketsa, ndipo mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa lamulolo. Ife sitinyoza azamba akale, pakuti ambiri a ife tidagwera m'manja mwao; koma mzamba wa kumudzi, ngakhale waluso chotani, alibe thumba la magazi kuseri kwa chitseko. Kalembera wa zaumoyo wa dziko lino adapeza kuti mwa ana 100,000 obadwa amoyo, amai omwalira adali 984 mu 2004, 675 mu 2010, ndi 439 mu 2015 ndi 2016, m'zaka zomwezo zimene amai ambiri adayamba kuchirira ku chipatala.

Nanga nthendayi tingaidziwe bwanji isanafike poopsa? Poyamba iribe ululu. Mai alima, atunga madzi, aseka, magazi ali kuthamanga. Choiulula ndi lamba uja amanga pamkono ku sikelo, ndi kapepala ka mkodzo. Mu 2016 WHO idalangiza kuti mai wapakati aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanapitirire. Koma kwathu kuno mwambo ndi kubisa pakati mpaka chitenje chikane, kuopa maso a anthu. Bisirani anansi ngati mufuna, koma namwino musamubisire, pakuti pali thandizo limene ligwira ntchito likayamba msanga. Amai amene ali pa ngozi yaikulu, monga amene adadwalapo nthendayi, a mapasa, ndi amene ali ndi BP, shuga kapena matenda a impso kuyambira kale, apatsidwa kambulu kakang'ono ka asipirini, ka mamiligalamu 75, tsiku ndi tsiku kuyambira cha pa masabata 12. Taonani chodabwitsa: asipirini afooketsa mapulateleti pang'ono kuti asamamatire pachabe. Koma pa chifukwa chomwecho si mankhwala ogula pa okala ndi kumwa mwa nzeru zako. Muyeso wake ndi nthawi yolekera anena ndi a chipatala. Kuyambira 2011 WHO ilangizanso mibulu ya calcium kwa amai a kumene chakudya chiperewera mchere wa mafupa umenewu. Mwa ndiwo zathu upezeka m'matemba ndi usipa zodyera pamodzi ndi minga, ndi m'bonongwe. Tsono mai wapakati asapatsidwe msuzi wokha, nsomba zitathera m'mbale ya abambo. Kumumana mchere wa m'ndiwo, kumene ena achita, sikuletsa nthendayi.

Mapazi otupa madzulo naphwa m'mawa ndi za amai ambiri, ndipo siziopsa pa zokha. Koma nkhope ndi manja zotupa podzuka, mutu wosamva mankhwala, chidima kapena tinyenyezi m'maso, ululu kunsi kwa nthiti, mkodzo wochepa, kamfuno kapena magazi m'nkhama: chimodzi mwa izi chikwanira kunyamuka tsiku lomwelo, makamaka kwa wa pakati poyamba ndi wopitirira zaka 40. Mai akagwa ndi kuphupha, mumugoneke cham'mbali kudzanja lamanzere, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, musamufukize utsi, akangoleka, mumunyamule. Zipatala zokhoza kuchita opareshoni ndi kuthira magazi tiri nazo: cha boma ku Boma, cha Mulanje Mission cha mpingo wa CCAP, ndi cha Holy Family ku Phalombe, dera limene lidali mbali ya boma lathu mpaka 1998. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy adagumula milatho ndi miseu, midzi ina nikhala masiku ambiri yosafikika ndi galimoto. Kotero mai amene BP yake idakwerapo, makamaka ngati mwezi wake ugwa m'dzinja, akakhale ku chidikiro nthawi ikadalipo. Amai ambiri akana chidikiro osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa cha udzu wa m'munda ndi ana otsala kunyumba; tsono mbumba igawane, wina ufa, wina nkhuni, wina ana, wina khasu.

Tsopano mwana wabadwa, nthungululu zalira, anthu abalalika. Apa ndi pamene maso onse apita kwa khanda, ndipo apa ndi pamene kukonzekera kuja kutembenuka kukhala ngozi ya mtundu wina. Magazi ofulumira kuundana sabwerera msanga m'chimake. Atenga masabata 6, mwina kupitirira. M'zaka za m'ma 1850 dotolo wa ku Germany, Rudolf Virchow, adafufuza za mibulu imene ipangika m'mitsempha, ndipo kuchokera pa ntchito yake madotolo aphunzitsa zinthu zitatu zoibweretsa: magazi oyenda pang'onopang'ono, mtsempha wovulala, ndi magazi ofulumira kuundana. Mai wa m'chikuta ali nazo zonse zitatu, pakuti agona, mitsempha ya m'chiuno idasautsidwa pobereka, ndipo magazi ake akadali a tsiku lobereka. Pa nyengo yonse ya pakati ngozi ya mbulu wotere ichuluka kanai kapena kasanu kuposa ya mkazi wosaima, ndipo m'masabata oyamba atachira ikwera kuposa pamenepo. Amene adadwala pre-eclampsia, amene adachitidwa opareshoni, ndi amene adataya magazi ambiri ndiwo ali patsogolo.

Mbuluwo kawirikawiri upangika m'mtsempha wa m'kati mwa mwendo, makamaka wamanzere, pakuti mtsempha wobweza magazi a mwendo umenewo upanikizika m'chiuno pamene mtsempha wina waukulu udutsa pamwamba pake. Mwendo umodzi utupa kuposa unzake, katumba kapena ntchafu iwawa, khungu litentha. Tsono agogo, mwa chikondi chao, afunditsa madzi kuti athowe ndi kutikita, kapena aitana wotema mphini. Tikupemphani, amai athu akuluakulu, mwendo wotere musautikite. Mbulu ukhoza kuthothoka, nuyenda ndi magazi kudutsa mumtima, nukatseka mitsempha ya m'mapapo. Pamenepo mai amene dzulo adali kuseka abanika mwadzidzidzi, amva kulasa m'chifuwa, mwina atsokomola magazi, nagwa pa chitsime kapena pakhomo. Imfa zotere ndizo zimene zidapasula mabanja ambiri kwathu kuno, pakuti anthu afunsa kuti munthu wachira bwinobwino afa bwanji, ndipo ayamba kulozana zala, nkhalamba ina niitchedwa mfiti. Mwendo ukaonedwa msanga, ku chipatala kuli jekeseni ya heparin, imene iletsa mbulu kukula pamene thupi liusungunula pang'onopang'ono, ndipo mai apitiriza kuyamwitsa osaopa kanthu.

Chikuta sitichitsutsa. Chipumitsa mai ku mtondo ndi ku chitsime, ndipo chiteteza khanda ku manja a anthu ambiri mchombo usanagwe. Koma kupuma si kugona chigonere. Kuyambira tsiku loyamba mai adzuke, ayende m'nyumba ndi kuseri kangapo pa tsiku, agwedeze mapazi akakhala pa mphasa, amwe madzi ndi thobwa kokwanira. Ndipo wa opareshoni anamwino akamudzutsa m'mawa mwake kuti ayende, musawayese ankhanza. Dziwaninso kuti pre-eclampsia ikhoza kuyamba kapena kubwerera mwana atabadwa kale, makamaka m'sabata yoyamba, ngakhale mwa mai amene BP yake idali bwino nthawi yonse; mutu waukulu kapena chidima m'maso m'chikuta si tulo toperewera iai.

WHO ilangiza kuti mai ndi khanda aonedwe tsiku loyamba, tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi pa masabata 6. Pa maulendo amenewa mwana ayesedwa pa sikelo, aliyense nasangalala ndi kulemera kwake, mai nanyamula buku kubwerera mkono wake wosamangidwa lamba. Pemphani mwaulemu kuti naye amuyese, ndi kuti muyesowo ulembedwe m'buku. Mai amene adadwalapo pre-eclampsia ali pa ngozi yochulukirapo ya BP ndi matenda a mtima m'zaka za m'tsogolo, kotero ayenera kumayezetsa chaka ndi chaka ngakhale asamve kanthu. Ndipo akadzaimanso, bukulo alitenge, nakanene za nthendayo pa ulendo woyamba wa ku sikelo, namwino asanafunse.